Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Mipando Imene Cello Yandikhazikapo

Gawo lapitali ndinalekezera pa tsiku lomwe ndinatuluka m'sukulu ya zoimbaimba, cello (chida chachikulu cha nsambo choliza ndi uta) ili kumsana, m'mutu mukungolira nyimbo ya cello ya wopeka nyimbo Dvořák. Tonse a m'kalasi mwathu tinkalakalaka mpando umodzi, wakutsogolo uja, pambali pa wotsogolera orchestra, pomwe holo yonse imayang'ana iwe wekha. Aphunzitsi anatipanikiza ndi ma concerto, nyimbo za woimba mmodzi woperekezedwa ndi orchestra yonse, ngati kuti mawa lake lomwelo foni ilira kutiitana. Inaliradi foniyo. Anali mayi wina wofuna oimba pa ukwati wa mwana wake.

Choncho ndalama yanga yoyamba pa ntchitoyi ndinaidyera kwa Johann Pachelbel. Mu nyimbo yake yotchedwa Canon mavayolini atatu amathamangitsana ndi tinyimbo tokoma, pomwe wa cello anapatsidwa manotsi 8 okha, oti awabwereze maulendo 28 osasintha kanthu. Oimba cello tikakumana timainyogodola nyimboyi. Koma taonani zimene zimachitika pa ukwati weniweni. Mkwatibwi sayenda motsatira pepala. Wina amafulumira, wina amaima kukonza chovala chimene chakodwa, koma nyimbo iyenera kutha iye akangofika kutsogolo. Anzanga a vayolini maso amakhala pa pepala chifukwa zala zawo zili kalikiliki. Ine, popeza dzanja likudziwa kale njira, diso limodzi limakhala pa mapazi a mkwatibwi, kuyeza mtunda watsala, kenako ndimakweza nsidze kuti tikafika pa noti ya D yotsatirayo timalize. Gulu lonse limadikira nsidze za munthu wa manotsi 8 uja.

Kenako kunabwera maganyu a mu orchestra, kulowa m'malo mwa amene wadwala kapena ali patchuthi. Waganyu amakhala kumbuyo kwenikweni. Pepala limodzi mumaonera anthu awiri, ndipo wokhala chamkati ndi amene amatembenuza tsamba, mwachangu, mopanda phokoso, mnzake akupitiriza kuliza. Pensulo siichoka pafupi, chifukwa mtsogoleri wa ma cello akasintha kayendedwe ka uta, uthengawo umadutsa mzere ndi mzere mpaka kukupeza kumbuyoko, ndipo mauta onse ayenera kukwera ndi kutsika pamodzi. Kusukulu anandiphunzitsa kumveka. Kuno ankafuna munthu amene mawu ake asungunuke mwa anzake, osatulukira. Pokhapokha ikakhala overture, nyimbo yotsegulira sewero loimba, ya William Tell ya mu 1829, imene Rossini anaiyamba ndi ma cello asanu, aliyense ndi mzere wakewake, zoimbira zina zambiri zili duu. Usiku wotero ngakhale wa pampando wachisanu m'manja mumatuluka thukuta.

Sukulu yanga yeniyeni inali ntchito yomwe timaitcha continuo. M'nyimbo za m'nthawi ya Bach ndi Handel, pansi pa zonse pamayenda mzere wa besi wosaima, ndipo amaunyamula ndi wa cello pamodzi ndi wa ogani kapena harpsichord. Gulu lina loimba nyimbo zakalezi linandiitana nyengo ya Pasaka kukaimba nawo St Matthew Passion, imene Bach analemba ali ku Leipzig m'zaka za m'ma 1720. Imatenga pafupifupi maola atatu. Anandibwereka cello ya nsambo zopangidwa ndi matumbo a nkhosa, yopanda chitsulo chija chotsamira pansi, moti umaipana ndi miyendo mpaka kuchita dzanzi. Amaichuna motsikirapo, noti ya A ikunjenjemera maulendo 415 pa sekondi m'malo mwa 440 amene makutu athu anazolowera. Nsambo zoterezi zimamva nyengo. Tchalitchi chikadzaza n'kuyamba kutentha zimasuntha, ndiye umangokhalira kupotokola zikhomo mobisa kwaya ikamaimba mokweza.

Mutu weniweni unali woimba wa tena amene amafotokoza nkhani yonse, mawu a Uthenga Wabwino wa Mateyu m'Chijeremani. Iyeyu satsatira kugunda kwa nthawi. Amakhala ngati akungolankhula, pena kuthamanga, pena kuima chiriri. Iwe uli ndi noti imodzi apa, ina uko, ndipo iliyonse iyenera kugwera ndendende pa liwu lake. Wotsogolera kawirikawiri amatsitsa manja n'kukusiyani atatu, woimba, wa ogani ndi iwe. Ndinaloweza mawuwo pamtima, ndipo ndinaphunzira kuyang'ana mapewa a woimbayo, chifukwa mapewa amaulula mpweya liwu lisanatuluke. Pamene Petulo wamukana Yesu kachitatu, tambala n'kulira, woimbayo amalikoka liwu lonena za kulira kowawa, kulipinda uku ndi uku, ndipo usiku uliwonse amalikoka mosiyana. Iwe pansi pake sungalowe msanga, sungachedwenso. Ukalowa bwino palibe amene amadziwa kuti ulipo.

Palibe munthu amagula tikiti kudzamvera wa continuo. Ali ngati nsanamira ya nyumba, mlendo akalowa amayamikira denga. Komabe ine ndimanena poyera kuti usiku umodzi wa Passion umafuna khutu loposa concerto iliyonse yomwe ndinaimbapo. Anzanga ena zimawanyansa ndikatero, koma ambiri mwa iwo sanakhalepo pampandowo.

Kuchokera pamenepo nyimbo za magulu ang'onoang'ono zinayamba kundikomera mwa mtundu wina. Schubert analemba Quintet yake, nyimbo ya oimba asanu, mu 1828, patatsala miyezi yochepa kuti amwalire ali ndi zaka 31, ndipo pa gulu lozolowereka la anthu anayi (mavayolini awiri, viola ndi cello) anawonjezerapo cello yachiwiri. Mwini wake sanaimve ikuimbidwa pagulu, inadikira mpaka 1850. Anzanga amalimbirana cello yoyamba, ine ndimapempha yachiwiri. M'gawo lodekha lija, zoimbira zitatu zapakati zimagwira nyimbo yaitali yoyenda pang'onopang'ono, vayolini yoyamba ikuyankhira pamwamba, ndipo wa cello yachiwiri amangokoka nsambo ndi chala, kamodzikamodzi. Koma kufulumira kapena kudekha kwa gawo lonselo kuli m'chala chimenecho. Ya Messiaen ndi nkhani ina: Quatuor pour la fin du temps anailemba ali mkaidi wa nkhondo ku Görlitz, ndipo inaimbidwa koyamba mu msasa womwemo pa 15 January 1941. Gawo lake la cello ndi piyano limayenda mochedwa kwambiri moti uta umakuthera noti isanathe, ndiye umaphunzira kuusunga sentimita ndi sentimita.

Nanga concerto ija? Inabwera, patapita zaka, ndipo mpaka lero imabwera mwa apo ndi apo. Walira mvula walira matope. Nthawi yoyeserera ndi orchestra imakhala yochepa, ndipo vutoli si lachilendo: concerto ya Elgar inaimbidwa koyamba ku London mu 1919 orchestra isanakonzekere mokwanira, ndipo sizinayende bwino. Kuwonjezera apo, aliyense wobwera kudzamvera Elgar amabwera ndi woimba cello wotchuka Jacqueline du Pré m'makutu, chimbale chake cha mu 1965, moti usanakhudze n'komwe nsambo akuyerekeza kale.

Dvořák ndiye anandionetsa phindu la zaka za kumbuyo zija. Concerto yake anailemba ku New York mu 1894 ndi 1895. Woimba cello amakhala kutsogolo mphindi zingapo manja ali pamwendo, orchestra ikuyala nkhani yonse, mpaka nyimbo yokoma kwambiri ya gawo loyamba amayamba kuiimba ndi wa lipenga la horn, osati iwe. Ukalowa, uli ndi chida cha mawu apakati ndi apansi, chosavuta kumizidwa ndi anthu ochuluka ali kumbuyo kwako. Kukuwa sikuthandiza. Malo ambiri umacheza ndi munthu mmodzi, pena wa chitoliro, pena mtsogoleri wa mavayolini chakumapeto, ndipo pena iweyo ndi amene ukuperekeza. Ndili kusukulu ndinkaiimba ndi piyano, osadziwa kuti m'menemo muli anthu. Pa nsanja ndinapezeka ndikutembenuzira khutu kumbuyo, kufunafuna mpweya wa wa chitoliro monga ndinkachitira ndi tena uja.

Ngakhale ma suite 6 a Bach, magulu a nyimbo za cello amene munthu amaimba yekhayekha, ntchito yake ndi yomweyo. Woimba cello wotchuka Pablo Casals anawapeza m'sitolo ya mabuku a nyimbo ku Barcelona ali ndi zaka 13, ndipo anadzawajambula pakati pa 1936 ndi 1939. Pepala lolembedwa ndi dzanja la Bach mwini silinapezeke. Timadalira makope, lotchuka kwambiri ndi la mkazi wake Anna Magdalena, ndipo timizere tosonyeza kayendedwe ka uta m'menemo timatsutsanapo mpaka lero. Bach anabisa besi mkati mwa nyimbo imodzimodziyo, noti yotsika apa, ina patsogolo, kuti khutu la womvera lizilumikiza lokha. Amene sanaperekezepo munthu amaziliza ngati mzere umodzi wautali. Ine ndimayamba ndapeza besiyo, kenako n'kumanga zina pamwamba pake.

Zotsalazo ndingozitchula. Pali situdiyo, komwe umavala mahedifoni n'kuimba nyimbo za mafilimu pepala ukuliona koyamba. Pali opeka nyimbo amoyo, amene amakupempha kugogoda thupi la cello kapena kuliza kuseri kwa mlatho wa nsambo, ndipo ubwino wake ukhoza kuwafunsa chimene akufuna. Pali ana asukulu amene amafunsa ngati chidachi ndi vayolini yonenepa. Palinso maulendo a pandege, komwe cello ndimaigulira tikiti yakeyake n'kuimangirira lamba pampando wa pawindo, chifukwa kumalo a katundu sindingaiike. Cello imene ndimayenda nayoyi ndinaigula pa ngongole imene inandisowetsa tulo kwa zaka, ndipo m'gawo likubwerali ndidzakufotokozerani momwe ndinaipezera.