Zikomo nonse amene munandikhazika pa makina

Makina osokera aja tsopano ndi angaanga. Ngongole yonse ndamaliza kubweza kugulu lathu la banki mkhonde sabata yathayi, ndipo amayi onse analipo pamene msungichuma ankatseka dzina langa m'kaundula. Ndaona kuti n'kulakwa kusangalala chamumtima, pamene anthu amene anandinyamula ndi ambiri chonchi. Mayina sinditchula, koma aliyense adzizindikira yekha.

Ambiri kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, mukudziwa mbali ina ya nkhani yanga, ena munaimva mokhota. Mayi wina wodziwika bwino kwathu anandiuza kuti ku Joni kuli ntchito ya mu saluni, ulendo alipira yekha, ine ndidzabweza ndikayamba kulandira. Tinawoloka Zambezi pa Tete, n'kutulukira pa chipata cha Cuchamano, kudutsa mu Zimbabwe mpaka Beitbridge. Titangofika ku Joni, pasipoti ndi foni anandilanda, akuti azindisungira. Saluni kunalibe. Kunali nyumba yokhoma, ntchito yopanda malipiro, kumenyedwa, ndi ngongole ya ulendo imene inkangokula mwezi ndi mwezi. Zina zimene zinachitika m'nyumba imeneyo sindizilemba pano.

Ndiyamba ndi inu Amayi anga. Ndinabwera chimanjamanja, nditaonda, anthu akuyembekeza masutikesi ndi zofunda za ku Joni. Simunandifunse kuti ndalama zili kuti. Munatenthetsa madzi osamba, munaphika nsima ya nyemba, n'kundiyalira pafupi ndi inu chifukwa munaona kuti usiku ndikudzidzimuka. Amalume, inunso zikomo. Pamene achibale ena ankati tingokambirana pakhomo kuti banja lisachite manyazi, inu munati mwana wa mlongo wanu si mbuzi yoti anthu agwirizane mtengo, ndipo munandiperekeza nokha kupolisi.

Kumeneko, ku Gabinete de Atendimento yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, ndinakumana ndi mayi wapolisi amene anandimasula mtolo waukulu. Ndinkangobwereza kuti ndinavomera ndekha, palibe amene anandikoka. Iwo anandifotokozera kuti dziko lathu la Mozambique lili ndi lamulo la nambala 6 la chaka cha 2008 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, ndipo kuvomera kwa munthu wonamizidwa sikufafaniza mlandu wa womunamizayo. Chilango chake ndi zaka 16 mpaka 20 m'ndende. Anandiuzanso za lamulo la 2009 loteteza amayi ku nkhanza za m'banja. Ine ndinakula osadziwa kuti malamulo amenewa alipo, ndipo ndikukhulupirira kuti atsikana ambiri a ku Domue, Tsangano ndi Macanga sakuwadziwabe. Amayi inu, munalankhula nane m'Chichewa mutaona kuti Chipwitikizi chikundithawa chifukwa cha mantha. Mulungu akudalitseni.

Koma chilungamo sichigula sopo. Munthu ukabwerako kumene ndinachokera ine, njala imene inakuthamangitsa umaipeza ikukudikira pakhomo, ndipo ndi njala yomweyo imene imabweza ena m'manja mwa anthu omwe aja. Ndikudziwa mtsikana amene anapulumuka n'kubwereranso, osati chifukwa chopusa, koma chifukwa kunyumba kunalibe chochita. N'chifukwa chake zikomo wanga wamkulu akupita kwa amayi a kumpingo amene anandilembetsa maphunziro a utelala, ndiponso kwa aphunzitsi anga.

Aphunzitsi, munali ovuta, ndipo ndikuthokoza kuvuta kwanuko. Masiku oyamba simunandipatse nsalu. Munandipatsa pepala lojambula mizere, makina opanda ulusi, kuti ndizingopalasa mpaka phazi ndi dzanja zimvane. Singano inkathawa mzere, lamba ankavuka, gudumu linkabwerera m'mbuyo. Nditafika pa nsalu, kolala yoyamba munandisomoletsa yonse chifukwa nsonga imodzi inatalika pang'ono. Ndinalira. Munandisiya ndilire, kenako munandipatsa lezala n'kunena kuti, "Mwanawe, wogula salipira misozi, amalipira msoko." Simunandione ngati munthu wachisoni woti azingosisitidwa. Munandiona ngati telala amene sanaphunzire, basi. Munandiphunzitsa kuyeza munthu osamuchititsa manyazi, kulemba ndi choko, kuika zipi yosatupa, kuthira mafuta m'makina, kusita ndi simbi yamakala osadetsa malaya oyera. Munandiphunzitsanso chimene ambiri amaiwala: kuwerengera ulusi, mabatani ndi nthawi yanga ndisanatchule mtengo, ndi kulemba m'kabuku aliyense wotenga chovala pangongole, ngakhale atakhala wachibale.

Apa ndinene maganizo anga kwa mabungwe ndi aboma amene amathandiza anthu ngati ife. Satifiketi payokha siikwanira. Anzanga ena tinamaliza nawo limodzi ali pakhomo chifukwa alibe makina ngakhale mpamba wogulira nsalu. Maphunziro aziyendera limodzi ndi chida chogwirira ntchito, ngakhale chapangongole, ndipo pazikhala wina wobwera kudzaona ngati zikuyenda. Komanso si aliyense amafuna kusoka. Ena amafuna zamagetsi, kuwotcherera zitsulo, kuphika, ulimi wa mbatatesi umene Angónia amadziwika nawo. Afunseni eni ake.

Amayi a banki mkhonde, munandikongoza ndilibe chikole chilichonse kupatula mawu anga. Mwezi umene Amayi anadwala ndinalephera kupereka, ndipo munandidikira popanda kundinyoza. Abambo amene munandipatsa malo pakhonde la golosale yanu pamtengo wochepa, zikomo. Achimwene anga amene mumanyamula mutu wa makina panjinga m'mawa ndi madzulo, ngakhale m'chisanu cha mu June, zikomo.

Ndipo inu makasitomala anga. Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa munabwera ndi ana kuti ndiwayeze yunifolomu. Pokonzekera 7 Epulo, tsiku la amayi a mu Mozambique, gulu lina la amayi linandibweretsera makapulana (zitenje) ofanana kuti ndiwasokere onse. Ndinasoka mpaka usiku ndi tochi ya foni, msana ukuwawa, mtima ukusangalala. Munanenerera mtengo ngati mmene mumachitira kwa telala aliyense, ndipo amene chovala chinamuthina anabwera nacho kudzadandaula. Zimenezi zinandichiritsa kuposa mawu achifundo. Kale ndikamadutsa pamsika ndinkamva kuti "uja wa ku Joni uja". Lero ana amathamanga n'kumati, "Amayi andituma kwa atelala."

Kwa alongo anga amene mukulonjezedwa ntchito kutali: funsani dzina la malo a ntchito, lankhulani ndi munthu amene akugwira kumeneko, musapereke pasipoti kapena BI (chiphaso cha unzika) yanu kwa wina aliyense, ndipo uzani achibale kumene mukupita. Nkhani ikakhudza mwana, imbani 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança.

Mwezi wamawa ndiyamba kuphunzitsa mtsikana mmodzi amene wabwera kumene kuchokera ku mavuto ofanana ndi anga. Tizisinthana pa makina amodzi omwewa. Ngati alipo amene ali ndi makina akale ongokhala m'nyumba, ngakhale owonongeka, andipeze pakhonde paja tikambirane. Kukonza ndikonzetsa ndekha.