Loweruka, nkhani ya ku Chilobwe ija sindinaiwerenge

Ndafika kalekale kunyumba kuno ku Turffontein koma mapepala akadali m'chikwama, sindikufuna nkuwatulutsa komwe.

Loweruka lililonse ndimawerengera ana a kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, alipo 9, azaka 12 mpaka 14, ambiri anabadwira konkuno ku Joni nde Chichewa chawo nchosakaniza ndi Chizulu ndi Chingerezi. Sabata yatha ndinawayambira nthano ya Kalulu ndi Fisi, ndikuti "padangotelo" awiri okha ndi amene anayankha "tili tonse", enawo maso pa foni. Sindikuwadandaula ayi, mwana wazaka 13 amadziwa kale kuti Kalulu apambana basi. Nde ndinakhala masiku atatu usiku ndikulemba nkhani yangayanga, ya mtsikana wa ku Chilobwe amene akusaka mng'ono wake matope atatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Tisanayambe amayi ena achikulire a mvano anapempha kuti aione kaye. Anawerenga ali chiimire pakhomo, atafika tsamba lachitatu anapinda pepala lija. "Mwanangu, iyi usawawerengere lero." Ine mtima unandinyamuka, ndinati amayi ana awa amaona zoopsa kuposa izi pa TikTok, mfuti amazimva usiku mumsewu mwawo momwemu, imfa tiziwabisira mpaka liti? Iwo sanakweze mawu. Anati "imfa sindikuikana. Wamuona mnyamata wa juzi yofiirayo? Agogo ake anapita ndi matope omwewo, mtembo sunapezeke. Iwe walemba mpaka mmene dzanja limaonekera m'matope. Akamawerenga yekha atha kutseka buku, atha kudumpha tsamba, koma ukamamuwerengera mokweza athawira kuti, anzake onse akumuyang'ana?"

Ndinasowa choyankha. Ine posankha zowerenga ndimangoona ngati mulibe zotukwana, mulibe zakuchipinda, mawu asakhale okuluwika kwambiri, isapitirire mphindi 10 chifukwa akatopa amayamba kukankhana. Zaka ndimawerengera bwinobwino koma amene wakhala pa benchi ndi zimene wasenza sindinaziganizepo, chonsecho mwanayu ndakhala naye miyezi isanu.

Komabe china chake chikundivuta mumtima. Ana enawo kumudzi sanafikeko, Malawi amangomudziwa pa video call ya WhatsApp ndi ufa umene umabwera pa basi ku Park Station, ndimafuna amve kuti kumene makolo awo amatumiza ndalama kuli anthu enieni, kuli atsikana amsinkhu wawo amene anakumba matope ndi manja. Kodi ndiwabwezerenso kwa Kalulu chifukwa cha mmodzi? Koma mmodziyo si munthu kodi. Zimenezi zandizungulira mutu mutakisi monse mpaka ndinapitirira potsikira.

Tinangochita zilapi ndi kandakatulo kakafupi ka mvula yoyamba, anaseka, anakanganirana mayankho, mnyamata uja ndi amene analasa zambiri. Potuluka kamtsikana kena kanandikoka dilesi, "anti, nkhani munalonjeza ija bwanji?" ndinati sabata yamawa.

Kaya ndichotse ndime ya dzanja ija, kaya ndiyambe ndalankhula ndi amayi a mnyamata uja, mwinanso ndimupatse mnyamatayo akawerenge yekha kunyumba andiuze iyeyo. Nambala ya amayi ake ndili nayo, ndaitsegula kawiri usiku uno sindinaimbe.