Ku Londrina, kumene soya amaletsedwa kumera kwa masiku 90

Wofuna kuona minda ya soya ya ku Brazil itabiriwira asapite mu Julaye. Ine ndinasankha mwezi umenewu mwadala. Kuchokera ku São Paulo ndinakwera ndege ina yopita ku Londrina, m'chigawo cha Paraná, ndipo pa msewu wa ku Warta, kumene kuli Embrapa Soja, malo a boma la Brazil ochitira kafukufuku wa soya, ndinkangoona tirigu, chimanga chouma ndi dothi lofiira lomwe silichoka msanga pa nsapato. Soya kunalibe ndi phata limodzi lomwe, m'dziko lomwe limakolola soya wochuluka kuposa lina lililonse.

Ndi lamulo. Chaka chilichonse pamakhala masiku osachepera 90 omwe m'munda simuyenera kupezeka soya wamoyo, ngakhale womera yekha pomwe njere zinatayikira pokolola. Chifukwa chake ndi chiwawu, matenda obwera ndi fangasi wotchedwa Phakopsora pachyrhizi. Fangasi ameneyu sakhalitsa popanda tsamba lamoyo, choncho akamuchotsera soya amachepa mphamvu nyengo yodzala isanafike.

Chiwawu chimenechi ndi chapaulendo kuposa ine. Chinadziwika ku Japan mu 1902, chinafika ku Zimbabwe mu 1998, ku Paraguay ndi Brazil mu 2001, kenako ku Louisiana, ku America, mu 2004. Timbewu take timauluka ndi mphepo. Tsamba likanyowa kwa maola 6 kapena kuposerapo, timamera n'kulowa. Mlimi amayamba kuona timadontho kunsi kwa masamba a m'munsi, pasanapite nthawi masamba achita chikasu n'kuyoyoka nyemba zisanakhwime.

Embrapa Soja inakhazikitsidwa mu 1975, chaka chomwe chisanu choopsa chinawononga khofi wa ku Paraná, alimi ambiri n'kutembenukira ku soya. Kumene ndinakhalitsa ndi m'nyumba zamagalasi. Muli miphika mizeremizere, mitundu ya soya yosiyanasiyana, ndipo yonse amaithira chiwawu dala kuti aone wopirira ndi uti. Anandipatsa kagalasi kokuzira zinthu. Pa tsamba la mtundu wosalimba, madontho anali otuwa, odzaza fumbi la timbewu. Pa tsamba la mtundu wopirira anali ofiira moderako, fumbi lochepa kwambiri. Ntchito ya zaka zambiri imaonekera pa kusiyana kakang'ono kameneka.

Mphamvu yopirirayo imachokera ku majini, tizinthu ta m'mbewu tonyamula chibadwa chake, omwe anawapatsa maina kuyambira Rpp1 mpaka Rpp7. Vuto n'lakuti fangasiyu ali ndi mitundu yambiri, ndipo jini imodzi ikadzalidwa paliponse, mtundu womwe ungaigonjetse ndi umene umachulukana. N'chifukwa chake akatswiri amayesa kuunjika majini angapo mu mbewu imodzi. Mankhwala opopera nawonso zinawachitikira zomwezo: ena omwe ankagwira bwino ntchito chiwawu chitangofika anafooka chifukwa chowapopera mobwerezabwereza.

Za tizilombo tothandiza ndinapita nazo ndi chidwi chachikulu, poti masiku ano zikutamandidwa ngati zothetsa chilichonse. Zoona zake n'zakuti mphamvu yake ili m'nthaka. Pali matenda a nkhungu yoyera, obwera ndi fangasi wotchedwa Sclerotinia sclerotiorum, omwe amasiya timibulu takuda tolimba ngati zitosi za khoswe, tomwe timatha zaka tili m'dothi kudikira soya wina. Fangasi wina, Trichoderma, amatikulunga n'kutidya mpaka kuola. Ndinaona nkhondoyi m'kambale ka mu labu, wobiriwira akukwera pamwamba pa woyera. Koma Trichoderma ndi chamoyo, amafuna chinyontho ndi mthunzi wa mapesi ophimbira nthaka. Ukamuwaza pa dothi lambee dzuwa likuswa mtengo, wataya ndalama. Mabakiteriya a mtundu wa Bacillus nawo amathandiza kuteteza mizu ku tinyongolotsi ta m'nthaka. Koma pa chiwawu, chomwe chimagwa kuchokera kumwamba n'kufalikira mofulumira, zamoyozi ndi zothandizira chabe. Wogulitsa akakuuzani kuti botolo lake lokha lithana nacho, musamutulutsire chikwama.

Si kuti anthu a kuno anayamba dzulo kudalira zamoyo. M'zaka za m'ma 1980, Flávio Moscardi, katswiri wa ku Embrapa Soja, anatsogolera ntchito yogwiritsa ntchito vairasi yopha mbozi zodya masamba a soya, ndipo Mariangela Hungria, katswiri winanso wa pomwepo, yemwe wagwira ntchito pa mabakiteriya opatsa soya chakudya cha nayitrojeni, analandira mphoto yapadziko lonse ya za chakudya yotchedwa World Food Prize mu 2025.

Funso lomwe ndinabwerera nalo ku São Paulo ndi la malire. Lamulo la masiku 90 limagwira ntchito pokhapokha aliyense akalitsata, pomwe mphepo siima pa chipata cha dziko. Mnansi akasunga soya wothirira m'nyengo yozizira, timbewu tidzafika ndithu, ndipo mlimi amene anazula soya wake yense mokhulupirika adzafunikabe mbewu yopirira, kudzala msanga ndi kuyendera munda wake akutembenuza masamba.