Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Galu wa Kuseri kwa Mpanda

M'gawo lapitalo ndinafotokoza m'mene tinasamukira ku Chilomoni kumayambiriro kwa chaka cha 2015, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri, titapeza nyumba ya lendi kufupi ndi msewu wolowera kuphiri la Michiru. Chimene chinatisowetsa mtendere m'miyezi yoyambirira pamalopo chinali galu wa bambo ena amene nyumba yawo inalekana ndi yathu ndi mpanda wa udzu wokha.

Galuyo anali wamphongo, wamkulu thupi, wofiirira, ndipo ankamutchula kuti Kambuku. Eni ake ankagwira ntchito ku Limbe, choncho ankanyamuka m'bandakucha kukadikira minibasi n'kubwerako kutada, pamene akazi awo anali atamwalira ndipo ana anali kusukulu yogonera komweko. Kambuku ankaswera yekha atamangidwa pamtengo wa mango ndi unyolo wosakwana mamita awiri, ndipo pansi pa mtengowo panali pataperepeseka, udzu wonse utatha, chifukwa cha kuzungulirazungulira kwake. Ankauwa kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa, ndipo akatopa ndi kuuwa ankakoka unyolowo mpaka waya wa m'khosi utamasuka, kenako n'kukumba kunsi kwa mpanda n'kutulukira pabwalo pathu.

Ulendo woyamba anapha thadzi la mayi a kunyumba limene linali ndi anapiye 8. Ulendo wachiwiri anagwetsa zovala zonse zimene zinali pachingwe. Koma ulendo wachitatu anathamangitsa mwana wathu wamkazi, amene panthawiyo anali mu Sitandade 2, n'kumugwetsa pansi, ndipo dzino linamukanda pakatumba. Bala lake linali laling'ono, koma aliyense amene ankakhala mu Blantyre m'zaka zimenezo ankadziwa kuti chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chinkalandira ana odwala chiwewe, komanso kuti munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro za matendawa sachira. Tinatsuka balalo ndi sopo pampopi kwa mphindi 15 monga mmene achipatala amalangizira, kenako tinathamangira kuchipatala kumene anayamba kumubaya jakisoni, ndipo anatiuza kuti tiziyang'anitsitsa galuyo kwa masiku 10 ngati angasinthe khalidwe. Masiku amenewo sindinkagona tulo tabwino, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasuzumira pampanda kuti ndione ngati akudya ndi kumwa madzi.

Anthu a m'dera lathu sanachedwe kundipatsa malangizo. Ena ankati ndikasume kwa amfumu, ndipo mnyamata wina anandinong'oneza kuti ndingoika tameki m'kanyama n'kuponyera kuseri kwa mpanda, nkhani ithere pomwepo. Ndinakana, chifukwa mankhwala akupha sasankha. Atha kudyedwa ndi nkhuku, mphaka kapena mwana wokwawa. Komanso mumtima mwanga ndinkaona kuti ngakhale ndinali wokwiya kwambiri, wolakwa weniweni sanali galuyo.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinapita kukaodira pakhomo pawo. Anandilandira mwaulemu n'kundipatsa mpando, ndipo nditafotokoza zonse anawerama kwa kanthawi asanayankhe kuti, “Pepani kwambiri, achimwene. Nkhuku ija ndilipira, ndipo ndalama zimene mwawononga kuchipatala ndibweza. Galu ameneyu ndimamusunga chifukwa akuba anandithyolera nyumba kawiri, koma ndikulonjezani kuti mawa ndigula unyolo wolimba.” Anachitadi zonse zimene analonjeza. Koma pasanathe masabata awiri Kambuku anali atatulukanso, ulendo uno atazula msomali wa loko, khosi lake lili ndi zilonda zimene ntchentche zinkaunjikanapo.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika mu Meyi chaka chomwecho, pamene bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito yopereka katemera waulere wa chiwewe kwa agalu mumzinda wonse wa Blantyre, ntchito imene inafikira agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Loweruka ndi Lamlungu ankakhazika malo obayira katemera m'masukulu a pulayimale, ndipo popeza eni ake a Kambuku ankagwira ntchito Loweruka, anandipempha kuti ndimutengere ine. Ndinavomera ndili ndi mantha. Titangotuluka pageti anandikoka mwamphamvu moti chingwe chinandisupula m'manja, koma titayenda mtunda pang'ono anayamba kufatsa, kununkhiza apa ndi apo, n'kumayenda pambali panga. Pasukulupo tinapeza mzere wautali, ambiri mwa obweretsa agalu ali ana, ndipo atamubaya anamupaka utoto pamutu ngati chizindikiro chakuti walandira katemera. Titabwerera kunyumba anamwa madzi, anagona pansi pa mango uja masana onse, ndipo usiku umenewo sitinamve kuuwa kulikonse.

Usiku womwewo ndinakumbukira agalu a agogo anga kumudzi kwathu ku Ntcheu. Panalibe ngakhale mmodzi amene ankamangidwa. M'mawa ankatsatira anthu kumunda, m'chilimwe ankapita ku uzimba ndi anyamata kukasaka akalulu, ndipo pofika madzulo ankangodzigwetsa pafupi ndi nkhokwe ali otopa. Galu wa m'tauni tamulanda munda ndi uzimba n'kumupatsa unyolo, koma mphamvu zimene anabadwa nazo zikadali m'thupi mwake, ndipo akasowa kozithera amazithera pampanda ndi pankhuku za anthu. Ndimaona kuti ambiri a ife timaganiza kuti kumanga galu usana wonse kumamuchititsa kukhala mlonda wabwino, pamene kwenikweni kumangomusandutsa chilombo chimene sichisiyanitsa wakuba ndi mwana wa sukulu.

Ndinabwereranso kwa achimwene aja ndi maganizo ena. Tinagwirizana kuti popeza ine ndinkayamba ntchito 8 koloko, ndizimutenga Kambuku 5 koloko m'mawa n'kuyenda naye cha kumsewu wa ku Michiru kwa ola limodzi, ndipo iwo azichita chimodzimodzi Lamlungu, ana awo n'kumalandira ntchitoyo patchuthi. Tinamanga waya wautali kuchokera pamango uja kukafika pamtengo wa mapeyala, n'kulowetsapo mphete yomangirira unyolo kuti azitha kuthamanga utali wonse wa bwalo, ndipo kunsi kwa mpanda tinayalako njerwa. Anthu ena ankandiseka akandiona ndikuyenda ndi galu wa eni ake pachingwe, ponena kuti zimenezo ndi zachizungu, koma amayi amene ankalawirira kukaoda ndiwo zamasamba anayamba kumamupatsa moni pomutchula dzina.

Kuyambira mwezi wa Juni mpaka mvula yoyamba Kambuku sanatulukenso, zilonda za m'khosi zinapola, ndipo mwana wathu uja, amene kwa miyezi ingapo ankathawira m'nyumba akangomva unyolo kulira, anafika pomamuperekera yekha makoko a nsima. Anadzatulukanso kamodzi kokha mu Disembala, sabata imene ndinagona ndi malungo masiku anayi osatha kudzuka. Mayi a kunyumba atatsegula chitseko m'mawa wa tsiku lachinayi anamupeza atakhala pakhonde pathu, nkhuku zikudya gaga chapafupi osazilabadira, maso ali pachingwe chake chimene ndinkachipachika pamsomali pafupi ndi zenera.