Usiku umene nyumba yanga yoyenda inalira kwa apongozi

Matenda amenewa, ofuna kusandutsa galimoto kukhala nyumba, ndinawatengera pa Dedza Pottery, ndipo sindinapiteko kukagula mbale ayi. Ndinkadikira mnzanga panja pomwe inafika galimoto yoyera, yaitali, nambala yake ya ku South Africa. Munatuluka mzungu wokalamba ndi mkazi wake. Anali atangolowa kumene pachipata cha Dedza kuchokera ku Mozambique, ali paulendo wokaona zojambula za m'mapanga ku Chongoni. Mkuluyo ataona kuti khosi langa latalika, anandikodola kuti ndisuzumire. Abale, m'galimoto muli bedi! Muli sinki, mpopi wotuluka madzi, furiji, mbaula ya gasi, mpaka kachimbudzi. Ndinatsika m'menemo ndili munthu wina.

Kunyumba ndinali ndi minibasi yanga ya Toyota Hiace imene inatopa ndi msewu wa Dedza ndi Lilongwe. Inali itakhala pabwalo zaka ziwiri, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Injini inali yabwinobwino. Chimene chinatha ndi mipando, komanso mtima wanga wowerengetsana ndalama ndi makondakitala madzulo aliwonse.

Chifukwa chenicheni ndisabise. Mu Julayi kunali chinkhoswe cha mlamu wanga kumudzi kwa mayi akunyumba, kufupi ndi Mlangeni ku Ntcheu. Aliyense amene anakwatira kumudzi akudziwa kuti mkamwini amagona pomwe amulozera. Ulendo watha anandilozera m'gowelo, momwe ndinagona ndi anyamata asanu ndi mmodzi ndi njinga ziwiri, mmodzi mwa anyamatawo akuliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Ndinalumbira kuti ulendo uno ndibwera ndi nyumba yanga.

Nditawauza mayi akunyumba, anayamba andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a ana, mpopi wa kukhitchini kuno wakhala ukudontha kuyambira pa Isitala. Ndiye inu mukaike mpopi m'galimoto?"

Sindinayankhe. Munthu wa masomphenya sakangana ndi aliyense.

Masabata atatu ndinathera mabandulo pa YouTube, kuonera azungu akusandutsa magalimoto kukhala nyumba. Iwo amakhala ndi makina odulira matabwa ndi zida zodzadza chipinda. Ine ndinali ndi sowo yobwereka, hamala, ndi dirilo ya neba imene imafuna kuimenya kaye kuti idzuke. Ndinazula mipando yonse yakumbuyo. Matabwa a paini kuno ku Dedza savuta, ndiye ndinakhoma bedi lopinda: masana mpando, usiku bedi. Kalipentala wina wa pamsika atabwera kudzaona, anagwira mahinjesi anga n'kupukusa mutu.

"Achimwene, awa ndi a chitseko cha kabati. Amanyamula makapu, osati munthu wa mimba ngati inuyo."

Ndinamuuza kuti nsanje si yabwino.

Padenga ndinaboola mabowo anayi, ndikumangapo sola ya mawati 100, mabowowo n'kumata ndi silikoni. Ndinagula batire lachiwiri, kontirola ndi inveta ya mawati 300. Tsiku loyesa ndinalumikizako ketulo ya magetsi ya m'nyumba, osayang'ana kuti pansi pake palembedwa mawati 2,000. Inveta inalira ngati mwana wa mbuzi n'kuzima. Imeneyo ndinaikhululukira, ndinati tiyi tizikamwa kwa apongozi. Makatani ndinasoka ndi zitenje ziwiri za mayi akunyumba, zimene mpaka lero akuzifunsa. Poopa akuba, ndinaitana wowotcherera kuti aike chitsulo chokhomera chitseko chokoka chija chamkati, chachikulu ngati cha pa golosale.

Koma mtima wanga wonse unali pa mpopi. Bedi aliyense angathe kuyala. Chimene chinandizunguza mutu m'galimoto ya mzungu uja ndi madzi otuluka okha. Ndinagula mgolo wapulasitiki wa malita 200, ndikuuimika pambali pa bedi, n'kuumanga ndi malegeni. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, zimene ndinaphunzira ku pulayimale n'kuziiwala pomwepo. Ndiye kuti ndinamanga matumba anayi a feteleza ndi zingwe zomangira nkhuni pa njinga. Sinki inali beseni lachitsulo loboola pansi, kuseri kwenikweni kwa mpando wa dalaivala. Kapampu kakang'ono ka 12 volts ndinakapeza mochedwa, usiku woti mawa ndi ulendo.

Apa ndiye mumvetsetse. Waya wochokera ku batire la sola unandithera. Sitolo zinali zitatsekedwa. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero ndi tochi kukamwa, ndikugunditsa tesita waya uliwonse. Wina unayatsa tesita ngakhale kiyi atachotsedwa. Ndinati Mulungu ndi wabwino, moto ndi umenewu. Ndinalumikiza pampu pamenepo, switchi yake ndikuikhomera m'mbali mwa sinki, moyang'anana ndi bedi, kuti ndizitsegula madzi ndili chigonere ngati bwana. Kuyesa sindinayese, chifukwa ndinamva pa YouTube kuti pampu siyenera kuyenda yopanda madzi, ndipo mgolo tinadzadza m'mawa tili pa changu.

Ulendo unayamba bwino mpaka pokhotera ku Bembeke. Kuyambira pamenepo mgolo unayamba kuyankhula. Ndikaponda buleki, madzi khuvu! kutsogolo. Ndikakhota, khuvu! kumbali, galimoto yonse n'kupendekeka ngati yamwa kachasu. Mayi akunyumba anagwira chitseko ndi manja awiri n'kuyamba nyimbo ya kumaliro chapansipansi.

Pa Lizulu ndinaima kuti tigule kabichi ndi mbatata ya kachewere ya pachinkhoswe. Ndinaiwala chinthu chimodzi: kunja, nyumba yanga inali idakali minibasi. Pobwerera ndinapeza chitseko chotsegula, amayi awiri atakhala pabedi langa ndi madengu a tomato pamiyendo, bambo wina akukweza thumba la anyezi.

"Adalaivala, mpaka pa Balaka ndi zingati? Koma mipando yanuyi ndi yofewa bwanji!"

Zinanditengera nthawi kuwamvetsa kuti alowa kuchipinda kwa munthu.

Kumudzi anatilandira ngati nduna. Ana anazungulira galimoto, akuluakulu akusuzumira mmodzimmodzi. Apongozi aamuna anagwiragwira matiresi, anayang'ana beseni, n'kufunsa ngati madzi amatulukadi. Ndinati, "Bambo, zimenezo mudzaona mawa kukacha, anthu onse alipo." Ndinkafuna mwambo wotsegulira. Mayi akunyumba anakana kugona m'menemo, anati akachezera ndi azimayi anzawo kuphika thobwa. Ndinalowa ndekha, ndinatseka mawindo onse, ndinakhoma chitsulo changa chija gwa, ndikuzimitsa getsi ndikumwetulira mumdima.

Amene sanagonepo m'mapiri a pakati pa Dedza ndi Ntcheu mwezi wa Julayi asandiuze za kuzizira. Azungu a pa YouTube aja amamata zinthu zotchinga kuzizira m'makoma a galimoto asanakhome matabwa. Ine gawo limenelo ndinkalidumpha poopa kutha bandulo. Chitsulo chinazizira ngati furiji, mpweya wanga wofunda ukakhudza denga n'kusanduka madzi. Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi dontho pamphumi. Tho. Lina m'khutu. Tho. Kunja nyenyezi zili mbee, koma m'nyumba mwanga mukugwa mvula.

Ndinatenga thaulo, ndinagwada kumiyendo kwa bedi kuti ndipukute denga. Sindinadziwe kuti mgolo uja, povina njira yonse, unali utagunda mwendo wa bedi mpaka kuusuntha. Ndinangomva thyo! Mahinjesi a kabati aja anapereka moni wotsanzika. Bedi linatembenuka, ine mutu pansi miyendo m'mwamba, pakati pa thabwa ndi sinki, matiresi pamwamba panga. Malegeni anaduka, mgolo unatsamira pathabwalo ndi makilogalamu ake 200 onse. Ndipo ngodya ya thabwa inakadinikiza switchi ya pampu.

Piiiiiiiiiiiiii!

Madzi sanatuluke ngakhale dontho. Chimene chinatuluka ndi hutala.

Hutala ya minibasi mukuidziwa, inapangidwa kuti iitane munthu ali kutsidya kwa msika. Ndiye muiganizire pakati pa usiku, m'mudzi wa zii, osalekeza. Agalu onse kuyambira Mlangeni mpaka tsidya la Mozambique anayankha. Ndinayesa kufikira switchi, dzanja linali litapanikizika. Ndinayesa kukankha thabwa ndi msana, mgolo unangoti khuvu, ngati ukundiseka.

Kunja kunamveka mfuu. "Akuba! Akuba!" Amuna ena anathamangira kukhola poganiza kuti ng'ombe zikuwoloka malire. Ena anabwera kugalimoto ndi zibonga ndi nkhwangwa. Azimayi anasiya miphika ya thobwa. Wina anakoka chitseko, koma chitsulo changa chinagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo pa zonse zimene ndinaika m'galimoto imeneyo ndi chokhacho chimene sichinandikhumudwitse.

"Akamwini! Kwagwanji m'menemo?" Anali apongozi aamuna, akumenya windo.

Ndinakuwa kuti ndili bwino. Pakamwa panali matiresi.

Kenako kuwala kwa tochi kunalowa pampata wa zitenje. Amene anagwira tochiyo anali apongozi aakazi. Mayi amene zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuwapatsa moni nditanyonyomala patali, maso pansi, amene sanandionepo ngakhale nditavula jekete. Chimene anaona ndi miyendo iwiri ikupalasa m'mwamba, sokosi imodzi yofiira ina yakuda, ndi kabudula wamkati amene mayi akunyumba anandiuza kalekale kuti ndimutaye. Tochi inazima msangamsanga. Ndinamva mawu awo ngakhale hutala ikulira: "Mayo ine, ndaona malodza!"

Wina anakuwa kuti atsegule boneti achotse batire. Mlamu wanga wamng'ono, amene anaphunzirako zamagetsi, anawauza kuti Hiace yamtunduwu injini ndi batire zili mkati, pansi pa mipando, komwe kunali kokhoma. Analowa yekha pansi chakutsogolo, m'fumbi lozizira, n'kuzula waya wa hutala. Phokoso linachepa koma silinathe, chifukwa mahutala ake ndi awiri, lalikulu mawu ndi laling'ono. Linatsala laling'onolo, likulira mwachisoni ngati mwana wamasiye, mpaka nalonso analipeza.

Bata limene linatsatira linali loopsa kuposa phokoso. Munthu wina anayamba kuseka chakumbuyo, wina n'kumuletsa.

Anakankha windo lam'mbali ndi mpeni mpaka linatseguka pang'ono, n'kulowetsapo kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri kuti kakachotse chitsulo. Kanatera pa matiresi, ndiye kuti pamimba panga, n'kulengeza kwa mudzi wonse: "Agogo, ankolo ali moyo, koma akutukwana!"

Amuna anayi ndi amene anasuntha mgolo. Anandizula ngati chinangwa. Mayi akunyumba anali ataima pakhomo la galimoto, manja m'chiuno. Sananene kanthu. Anangomasula chitenje chimodzi pawindo, n'kundiponyera kuti ndifunde.

Usiku wotsalawo ndinagona m'gowelo. Anyamata anali asanu ndi awiri tsopano, ndipo wa chigayo uja anali atakula, mkonono wake utakhwima.

M'mawa mlamu wanga anandifotokozera uku akudziletsa kuseka. Waya umene ndinaupeza unali wopita ku batani la hutala pachiwongolero. Umakhala ndi moto nthawi zonse, ukungodikira kuti wina augunditse ku chitsulo cha galimoto, ndipo ndi zimene batani lija limachita ukalidina. Pampu yanga inangokhala njira ina yofikira ku chitsuloko. Moto wodutsamo unali wochepa woti sungazunguze pampu, koma wokwanira kudzutsa hutala. "Alamu, mukanangondiimbira foni. Safunsa anadya phula." Ndinamuuza kuti aonjezere shuga mu tiyi wangayo asiye zambiri.

Chinkhoswe chinayenda bwino kwa ena onse. Pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana a kuchimuna, a kuchikazi, a mpingo, kenako anati, "Tsopano tilandire alamu athu a hutala!" Bwalo lonse linayankha pamodzi kuti piiiii. Ndinavina ndikuponya ndalama zambiri kuposa zimene ndinakonza, poganiza kuti mwina aiwala. Apongozi aakazi tsiku lonse ankati akandiona n'kukhotera kuseri kwa nkhokwe, mapewa akugwedezeka.

Potsanzika, apongozi aamuna anandiperekeza mpaka pagalimoto. Anasuzumira mkati, anayang'ana matabwa othyoka ndi beseni louma, n'kunena mwaulemu wonse, "Akamwini, mgolowu ngati mulibe nawo ntchito, amayi anu amavutika posungira madzi." Ndinautsitsa ndekha. M'malo mwake mayi akunyumba anakwezamo matumba asanu ndi limodzi a mbatata, pamwamba pa matiresi anga.

Hutala mlamu wanga anakana kuilumikizanso, anati ndikaipereke kwa amisiri ku Dedza. Ndiye tinafika pa Lizulu dzuwa likupendeka, msika uli thithithi, mbuzi ndi njinga za kabaza zili pakati pa msewu, ine ndikudina chiwongolero chopanda mawu. Mayi akunyumba anatsitsa galasi la mbali yawo, anandiyang'ana, n'kunena, "Tsitsaninso lanulo, bambo a ana. Mawu ake mukuwadziwa."

Ndinatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti piiiii. Mbuzi zinapatuka.