Zikomo nonse, Armory yatsegulidwa

Abale anga, zatheka. Armory ya kuno ku Minneapolis, nyumba yakale ya asilikali imene aikonza kukhala holo ya zisangalalo, yatsegulidwa, sabata ya Super Bowl ya 2018 (fainolo ya mpira wa ku America) anthu avinamo mpaka usiku, ndipo thupi langa lonse likuphwanya. Ambuye alemekezeke, chifukwa msana utandigwira mu Disembala muja ndinkaona ngati ntchito yandithera pomwepo.

Ndiyambe ndi bambo achikulire amene ndinkagwira nawo shifiti ya usiku. Dzina sinditchula, sakonda zimenezo. Tsiku limene ndinalephera kuwerama anandilanda ndowa ndi makina okolopera, n'kundipatsa kansalu koti ndizipukuta zitseko ndili chiimire. Galimoto yanga itakana kulira chifukwa cha chisanu ankadzanditenga pakhomo, tiyi ali kale m'fulasiki.

Ndi iwowa amene anandiphunzitsa kuilemekeza nyumbayi. Ine ndinkangoiona ngati garaja, poti kwa zaka zambiri inali malo oimikapo magalimoto. Iwo ankandiimitsa pansi pa denga lokhota lija n'kumandifotokozera kuti inamangidwa mu 1935 ndi 1936, nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, boma likufuna kuti anthu apeze ntchito. Asilikali a Minnesota National Guard ankagubira momwemo. A timu ya Lakers asanasamukire ku Los Angeles ankaseweramo basketball, woimba Prince anajambuliramo vidiyo mu 1982. Ndiye taganizani, akuluakulu a boma la dera lino la Hennepin County ankafuna kuigwetsa kuti amangepo ndende! Bungwe losunga mbiri yakale la Minnesota Historical Society linakamang'ala kukhoti, ndipo mu 1993 khoti lalikulu la Minnesota linaletsa. Pakanapanda anthu amenewo, bwenzi malipiro amene ana anga adyera miyezi yonseyi kulibe. Anandionetsanso zithunzi ziwiri zikuluzikulu zapakhoma zimene anajambula Lucia Wiley ndi Elsa Jemne, n'kundichenjeza kuti kansalu kanga kasayandikireko.

Amayi a kutchalitchi, zikomo ponditengera ana kusukulu ndi kundigonekera. Achemwali ku Zomba, mapemphero anu a m'bandakucha pa WhatsApp ankandipeza ndili pakati pa shifiti. Aja munalonjeza kuti mubwera kudzandiona kenako mafoni anu n'kuzima, palibe kanthu, ndachira.

Koma bambo inu, ndilibe choti ndingakubwezereni. Mulungu akuwonjezereni masiku, mawondo anu akuvutawo awachiritse. Loweruka lino musaphike, mubwere kunyumba ndi amayi. Ufa woyera ndaupeza, nkhuku ndagula kale.