Mlungu umene mutu 14 unamasuka

Lolemba ndinadzuka nkhungu itakuta Chibavi yense, moti ngakhale mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba sunkaoneka. Mwezi wa Juni kuno ku Mzuzu kumazizira mpaka zala kuuma, choncho ndimalemba nditafunda chitenje pamwamba pa juzi, kapu ya khofi wolimidwa kuno kumpoto ili pambali. Ntchito ya mlungu wonse inali imodzi yokha: kumaliza mutu 14 wa buku langa lachitatu, umene unali utandikanika kwa masabata awiri.

Ndimalemba nkhani zachikondi zokhala ndi chinsinsi chofunika kuchifukula, ndipo amene ndimawalembera ndi achinyamata a zaka 18 mpaka 25 kapena kupitirirako pang'ono. Awa ndi anthu amene Fomu 4 anaisiya kumbuyo. Ena ali ku koleji, ena akuponda fumbi kusaka ntchito, ena ayamba kudzilipirira okha lendi ya kachipinda ku Luwinga. Ambiri mwa iwo buku la Chichewa lomaliza kuligwira ndi lija analembera mayeso. Moyo umene ali nawo tsopano, wa chibwenzi chenicheni choyamba, wa ngongole, wa makolo amene ayamba kutchula za malowolo, sauona pa pepala. Zimandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndinasankha iwowa.

Nkhani ya bukuli ili motere. Mtsikana wa zaka 22, wophunzira unamwino, wakondana ndi mnyamata wakabaza amene amamunyamula m'mawa uliwonse kuchokera ku Chiputula. Mlongo wake wa mtsikanayo anasowa atatsanzika kuti akukagula usipa ku Nkhata Bay, ndipo foni yake yapezeka m'thumba la wakabazayo. Pa mutu 14 apolisi akumugwira. Ndinali nditalemba kuti akukhala m'chitokosi sabata yathunthu, mtsikanayo akungolira kuhositelo. Ndikawerenga ndinkamva kuti masambawo ndi akufa, koma chowapha sindinkachiona.

Lachiwiri ndinakwera kabaza kupita ku Mchengautuwa kwa bambo ena amene anapuma ntchito yaupolisi. Anandikhazika pakhonde, navala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, n'kuyamba kuwerenga chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Atafika tsamba lachitatu anaima.

"Mwanangu, apa mwaphonya. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu akamangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Nthawi zina amachedwetsa, inde, koma mtsikana wanuyu ndi wophunzira. Angangokhala n'kumalira?"

Ndinafunsa za belo. Anandifotokozera kuti mlandu ukakhala wakupha, apolisi kapena khoti la majisitireti sangatulutse munthu pa belo, imeneyo ndi ntchito ya khoti lalikulu. Koma m'nkhani yanga mtembo palibe, chimene chilipo ndi foni yopezeka ndi munthu wosakhala mwini wake. Pamenepo belo ya kupolisi ndi yotheka, ndipo ndi yaulere, chofunika ndi munthu womuimira, wosaina kuti sathawa. Kenako anavula magalasi aja n'kundiyang'ana.

"Nanga mnyamatayu amuimira ndani? Makolo ake ali kumudzi, si choncho?"

Thupi langa linachita tsemwe. Womuimira anali mmodzi yekha mumzinda wonse, ndiye mtsikana yemweyo amene mlongo wake wasowa. Ndi pamene ndinaona chimene chinkapha masamba anga. Ndinali nditaika chikondi mbali ina, kufufuza mbali ina, ngati miphika iwiri pa mafuwa osiyana. Nkhani yamtunduwu imakhala ndi moyo pokhapokha ngati funso lakuti walakwa ndani lili funso lomwelo lakuti ndimukhulupirire kodi munthu ameneyu. Mtsikanayo akasaina, wapereka m'bale wake pamaso pa mayi ake. Akakana, wataya munthu amene mwina ndi wosalakwa. Ndinawathokoza bambowo ndi paketi ya shuga n'kubwerera ndikuyankhula ndekha pa kabaza.

Lachitatu magetsi anazima kuyambira m'mawa. Ndinalemba ndi bolopeni m'kope la chikuto cholimba, masamba khumi ndi limodzi, osadya nkhomaliro.

Lachinayi ndinapita ku Nkhata Bay, chifukwa sindilemba msewu umene sindinauyende posachedwa. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, wotsetsereka mokhotakhota, ndipo ukamadutsa pa Mpamba juzi imayamba kulemera. Pofika kunyanja unali utandituluka thukuta. Ndinkangofuna kudziwa nthawi imene munthu angatenge kuchokera pagombe kukafika pa depoti ya Mzuzu, koma ndinabwerako ndi chinthu chachikulu kuposa pamenepo. Ndinakhala pansi ndi amayi awiri amene ankatembenuza usipa pa thandala, ndipo m'kucheza ndinatchula kuti mlongo wa mtsikana wa m'nkhani yanga anabwera kudzagula usipa usiku wa mwezi wowala kwambiri. Ndinaika mweziwo chifukwa ndinkafuna kuti okondana aja ayende pansi pake.

Mmodzi anapukusa mutu. "Achemwali, mwezi ukakhwima usipa umavuta. Asodzi amakopa usipa ndi nyali usiku wamdima. Kukawala mwezi, nyali ilibe mphamvu. Wogula wodziwa ntchito yake sawononga thiransipoti masiku amenewo."

Poyamba ndinaganiza zofufuta mweziwo. Minibasi ikukwera zitunda pobwerera, ndinasintha maganizo: mwezi ukhale pomwepo. Mlongo uja wakhala akugulitsa usipa zaka zinayi, ndiye sakanapita kunyanja usiku wotere. Ananama. Kumene anapita ndi kwina. Wowerenga wokulira kunyanja adzazindikira bodzalo pa mutu 3, wa m'tauni adzalizindikira limodzi ndi mtsikanayo pa mutu 17, ndipo onse awiri adzaona kuti sindinawabere, chizindikiro chinali poyera kuyambira pachiyambi.

Lachisanu masana ndimakumana ndi achinyamata asanu ndi mmodzi amene amawerenga zolemba zanga zisanatuluke. Atatu ndi a ku Mzuni, yunivesite ya kuno ku Mzuzu imene laibulale yake inapsa mu Disembala 2015 n'kutha mabuku pafupifupi 45,000, ndipo ndimaona kuti ophunzira a kumeneko buku amaligwira ndi ulemu wina. Ndinawawerengera masamba atsopano aja. Onse anakhala chete mpaka pamene wakabaza akulankhula ndi mtsikanayo kudzera pa zitsulo za chitokosi. Mnyamata wina anakweza dzanja.

"Asisi, munthu wa mantha sayankhula Chichewa chosalala chonchi. Ameneyu kwawo ndi ku Rumphi. Pamenepa anganene kuti nkhukutemwa, basi."

Ananena zoona. Okondana a mumzinda uno amacheza m'Chichewa, amalemberana mauthenga osakaniza ndi Chingerezi, koma mtima ukathina umathawira ku chiyankhulo cha amayi. Ndinadula mizere isanu n'kuika liwu limodzilo la Chitumbuka, lotanthauza kuti ndimakukonda. Tinakanganako pa nkhani ina: atsikana awiri ankafuna kuti ndionetse zambiri za usiku umene awiriwa anagona nyumba imodzi. Apo sindinagonje. Owerenga anga ndi akuluakulu ndipo sindiwabisira kuti zinachitika, ngakhale mantha a mimba ndi ulendo wokayezetsa magazi ndinalemba mosapsatira, koma chitseko ndimatseka, chifukwa buku lomweli limakafika m'manja mwa mng'ono wawo wa Fomu 2.

Loweruka ndi tsiku la ndalama, ndipo silikoma. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mapepala sunabwererenso pansi, ndipo wosindikiza amene ndimagwira naye ntchito anandipatsa mtengo watsopano umene ukundikakamiza kuchepetsa mabuku osindikiza. Nambala yozindikiritsa buku ya ISBN ndinaitenga kale ku National Archives ku Zomba, zolemba zanga n'zolembetsedwa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, koma chimene chimandidyetsa tsiku ndi tsiku ndi gulu la pa WhatsApp, kumene anthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba kuti alandire mutu umodzi sabata iliyonse. Tsiku limenelo wowerenga wina ananditumizira buku langa lachiwiri lonse lili pa PDF, likuzungulira ulere m'magulu a ophunzira. Ndinakhala kaye pansi. Chaka chathunthu cha ntchito chinali pamenepo. Ndinalembera gululo mwaulemu, ndipo pofika madzulo anthu asanu ndi awiri anali atatumiza kangachepe, mmodzi ndi uthenga wopepesa.

Lamulungu nditabwera ku tchalitchi ndinataipa zonse za m'kope muja. Mutu 14 tsopano ukuthera pa kauntala ya polisi. Mtsikanayo wavala yunifolomu yake yoyera, wagwira bolopeni, foni ili kunjenjemera m'thumba chifukwa mayi ake akuimba kachitatu. Wapolisi akukweza maso n'kumufunsa kuti, "Inuyo ndinu ndani wake?" Ndinaika kadontho pamenepo n'kutumiza kwa owerenga anga nthawi ili 8 koloko usiku. Yankho lake ndiliyamba mawa m'mawa, pa mutu 15.